Khonsolo Ikasiya Ndalama Zake Kuti Msilikali Wakale Apeze Pogona

M'mizinda yambiri ya ku United States, nkhani ya nyumba za asilikali opuma ikafika pamsonkhano wa khonsolo imabwera ndi pempho limodzi: tikhululukireni ndalama zimene mumalipiritsa womanga. Makhansala ena amavomera nthawi yomweyo. Ena amadodoma, poti ndalamazo n'zimene amakuzira misewu ndi kuikira mapaipi. Kwa ife akutali imamveka ngati nkhani ya m'maofesi, koma mwini wake weniweni ndi munthu amene anagwirapo mfuti ku Vietnam, ku Iraq kapena ku Afghanistan, lero akugona m'galimoto kapena m'tenti pansi pa mlatho.

Kodi ndi ndalama zanji zimene makhonsolowa akukhululukira?

Aliyense amene anayesapo kumanga m'tauni, ngakhale ku Lilongwe kapena ku Blantyre, akudziwa kuti usanakumbe maziko umayamba wapititsa pulani ku khonsolo ndi kulipira kuti aione. Ku America nakonso n'chimodzimodzi: pali ndalama yoonetsera pulani, ya chilolezo chomangira, ndi ya akuluakulu obwera kudzayendera ntchito. Palinso yolumikizira nyumba ku paipi ya madzi ndi ya zonyansa. Koma yolemera kuposa zonse ndi imene eni ake amaitcha impact fee. Ganizo lake n'lakuti nyumba yatsopano imabweretsa anthu, anthuwo amabweretsa magalimoto pamsewu ndi ana kusukulu, amafuna ozimitsa moto ndi bwalo losewerera. Choncho womanga alipiretu kamodzi gawo la zimenezo, zisagwere anthu amene anamanga kale. Imeneyi si msonkho wa nyumba wa chaka ndi chaka. Imaperekedwa kamodzi, kawirikawiri ntchito isanayambe. Khonsolo ikafuna kukopa omanga nyumba za asilikali opuma imatha kuichotseratu, kuichepetsa, kapena kunena kuti mudzalipira nyumba ikatha.

Zimafika zingati kuti mpaka anthu azikanganirana?

Zimatengera dera. Kwina n'zochepa ndithu, koma ku California n'zoopsa. Mu 2018 ofufuza a ku Terner Center, pa yunivesite ya California ku Berkeley, anawerengetsera zolipira zonse m'mizinda isanu ndi iwiri. Anapeza kuti nyumba yoima payokha imalipitsidwa madola pafupifupi 21,000 ku Sacramento, pamene ku Fremont imafika madola 157,000. M'nyumba zosanjikizana, khomo lililonse linkalipitsidwa madola pafupifupi 12,000 ku Los Angeles ndi 75,000 ku Fremont. Tangoganizani bungwe lofuna kumanga makomo 60 kumeneko: likhala litataya madola mamiliyoni angapo njerwa ingakhale imodzi isanaikidwe.

Mkangano wake unafika mpaka ku Khoti la Suprimu. George Sheetz, amene ankafuna kuika nyumba yaing'ono pamalo ake ku El Dorado County, anauzidwa kuti alipire madola 23,420 a misewu. Analipira akudandaula, n'kukasuma. Mu Epulo 2024 oweruza onse anagwirizana kuti zolipira zotere sizingathawe kuunikidwa ndi khoti chabe chifukwa chakuti zinaikidwa ndi lamulo la khonsolo.

Nanga n'chifukwa chiyani makhonsolo anafika polipiritsa chonchi?

Ku California chinayambitsa ndi chisankho cha 1978, pamene ovota anavomereza Proposition 13. Lamulolo linatsekereza msonkho wa nyumba pa 1 peresenti ya mtengo wa nyumbayo, ndipo linaletsa kuti uzikwera msangamsanga. Eni nyumba anasangalala, koma matumba a makhonsolo anaphwa. Pofuna pogwira, anatembenukira kwa omanga. Mu 1987 kunabwera lamulo lina, Mitigation Fee Act, lonena kuti khonsolo izionetsa kugwirizana kwa ndalama imene ikutolera ndi ntchito imene ndalamayo ikagwire. Zigawo zina, makamaka zokula mofulumira monga Florida, zinatsata njira yofanana chifukwa anthu ankasamukirako mwaunyinji kuposa mmene misewu ndi masukulu zinkamangidwira.

Dziko lolemera chonchija, lokhala ndi gulu lankhondo lalikulu chonchija, msilikali wake angasowe bwanji pogona? Si boma limawapatsa nyumba?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezera. Chimene boma lalikulu limapereka kuyambira mu 1944, pamene Pulezidenti Franklin D. Roosevelt anasaina lamulo lotchedwa GI Bill, si nyumba ayi. Ndi chikole. Msilikali wopuma akapita kubanki kukatenga ngongole ya nyumba, unduna woona za asilikali opuma, VA, umamuimira pa gawo la ngongoleyo, motero amatha kugula popanda kuponya dipoziti. Njira imeneyi yathandiza anthu mamiliyoni, ndipo asilikali opuma ambiri ali ndi nyumba zawozawo. Koma imafuna munthu wolandira ndalama mwezi ndi mwezi, amene banki ingamukhulupirire. Amene anabwerako kunkhondo mutu utasokonezeka, amene anapweteka msana n'kusiya ntchito, amene banja linatha ndipo analowerera m'mowa kapena m'mankhwala, banki simuona n'komwe.

Chaka chilichonse mu Januwale, anthu amayenda usiku umodzi m'dziko lonse kuwerenga osowa pogona. Mu 2010 asilikali opuma anapezeka pafupifupi 74,000. Mu 2024 anali 32,882, kutsika kupitirira theka, pamene chiwerengero cha osowa pogona onse chinakwera kupitirira 770,000. Kutsikaku n'chinthu choyamikika kwambiri, ndipo kukusonyeza kuti vutoli limamva mankhwala. Komabe anthu 32,000 ndi mzinda wathunthu. Oposa gawo limodzi mwa magawo anayi a anthu amenewa anali ku California, komwe kumanga n'kokwera mtengo kwambiri.

Ndiye kuti khonsolo ikakhululuka, ndalamazo zimalowa m'thumba la msilikaliyo?

Sizilowa. Palibe cheke chimene amalandira. Amene amapepukidwa ndi womanga, kaya ndi kampani kaya ndi bungwe lachifundo. Msilikali phindu limamufikira mozungulira: womangayo akakongola zochepa kubanki, lendi imene ayenera kutolera kuti abweze ngongole imakhalanso yochepa, ndipo nthawi zina ntchito imene ikanafera m'mapepala imatheka. Tisasakanize izi ndi kukhululukirana msonkho wa nyumba wa chaka ndi chaka, monga ku Texas komwe msilikali wopuma amene VA inamupeza kuti analumala kotheratu salipira msonkho pa nyumba imene amakhalamo. Chimenecho chimathandiza amene ali nayo kale nyumba.

Ngati khomo limodzi limadya madola masauzande mazanamazana, kuchotsapo pang'onoko kumasintha chiyani?

Funsoli ndi lachilungamo. Ku Los Angeles, nyumba zomangidwira osowa pogona ndi ndalama za Proposition HHH ya 2016 zinafika pafupifupi madola 600,000 khomo limodzi, malinga ndi kafukufuku wa woyang'anira chuma cha mzindawo wa mu 2022. Poyerekeza ndi zimenezo, madola 15,000 kapena 20,000 ndi kadontho. Munthu amene angakuuzeni kuti kukhululukira zolipira kokha kungamange mudzi wa asilikali akukunamizani.

Koma nyumba zotere sizimangidwa ndi thumba limodzi. Womanga amasonkhanitsa ndalama kuchokera m'matumba asanu, asanu ndi limodzi, ngakhale kuposa. Lalikulu kwambiri nthawi zambiri ndi la Low-Income Housing Tax Credit, lomwe linakhazikitsidwa mu 1986: mabanki ndi makampani amaika ndalama m'nyumba za anthu opeza zochepa, boma n'kuwachepetsera msonkho kwa zaka khumi. Mwayi umenewu ndi wolimbirana, ndipo oupempha amachuluka kuposa umene ulipo. Zigawo zambiri posankha zimayang'ana ngati khonsolo ya m'deralo yaikapo kanthu. Apa ndi pamene kadontho kaja kamalemera. Kalata yonena kuti khonsolo yasiya madola 500,000 imawerengedwa ngati chopereka, ndipo ingathe kukankhira ntchito patsogolo pa zinzake. Ku California ovota anavomerezanso mu 2014 Proposition 41, yopatula madola 600 miliyoni kuti amangire nyumba za lendi asilikali opuma osauka. Nayonso sinkalipira nyumba yonse, inkafuna kuti ena aikepo zawo.

Palinso nkhani ya nthawi, imene anthu ambiri saiganizira. Zolipira za ku khonsolo zimafunika kumayambiriro, pamene womanga alibe lendi imene akutolera ndipo akugwira ntchito ndi ndalama yokongola ya chiwongoladzanja chokwera. Khonsolo imene singathe kukhululuka koma ikulola kuti munthu adzalipire nyumba ikatha, yathandiza kale kwambiri popanda kutaya kalikonse. Mzinda wa Austin ku Texas unaona zimenezi kalekale: kuyambira mu 2000 pulogalamu yake ya S.M.A.R.T. Housing imaphatikiza kuchotsa zolipira ndi kufulumizitsa kuona mapulani a nyumba zotsika mtengo. Ine ndimaona kuti kufulumizitsako nthawi zina kumaposa ndalama. Miyezi isanu ndi umodzi yodikira siginecha imakweza mtengo wa simenti, wa zitsulo ndi wa amisiri.

Nanga msewu ndi mapaipi aja alipira ndani?

Walira mvula walira matope. Nyumba ya msilikali nayonso imatulutsa zonyansa ndipo ambulansi imafunika kufikako. Khonsolo ikasiya ndalama, ntchito ija siichoka, imangosamukira kwina. Mwina itengedwa m'thumba lalikulu la khonsolo, kutanthauza kuti okhoma msonkho onse asenzako. Mwina msewu udikira chaka china. Chimene malamulo ambiri salola ndi kukweza zolipira za omanga ena kuti akwirire dzenjelo, chifukwa aliyense amayenera kulipira zogwirizana ndi katundu amene nyumba yake yabweretsa.

Zigawo zinathana nazo mosiyana. Ku chigawo cha Washington, chakumadzulo kuja osati likulu la dziko, khonsolo imaloledwa kuchotsera nyumba za opeza zochepa mpaka 80 peresenti ya impact fee popanda kubwezeretsa. Ikafuna kuchotsa yonse, gawo lotsalalo iyenera kulilipira kuchokera ku ndalama zina za boma. Ku Florida, lamulo la 2019 linanena kuti khonsolo ingathe kukhululukira nyumba zotsika mtengo osakakamizidwa kubwezeretsa chilichonse. Njira ya ku Washington imandikomera chifukwa imaika mtengo wa chifundocho poyera, m'bajeti, pamene aliyense angauone ndi kufunsa. Ndalama ya madzi ndi zonyansa ndiyo imavuta kwambiri kuisiya, poti kawirikawiri imakhala ya bungwe lina lamadzi lomwe linakongola pomanga mapaipi ndipo linalonjeza okongoza ake kuti lidzabweza ndi zolipira zomwezo.

Kodi womanga sangadyerepo, kulandira chikhululukocho m'dzina la asilikali kenako n'kubwereketsa nyumbazo kwa olemera?

Angathe, ngati khonsolo yagona. Mawu akuti "asilikali opuma" amafewetsa mitima pamsonkhano, ndipo pali omanga amene akudziwa zimenezi. Chitetezo chake ndi pangano lolembedwa pa chikalata cha malo, lomwe limatsatira malowo ngakhale atagulitsidwa. Lamulo la ku Washington limafuna pangano lotere, ndipo limati nyumbayo ikadzasinthidwa ntchito, mwini wake alipire zolipira zija pamtengo wa nthawi imeneyo. Nyumba zomangidwa ndi ndalama za tax credit zimamangidwa chingwe kwa zaka zosachepera 30, ndipo ku California n'zaka 55. Pangano labwino limatchula makomo angati, a anthu opeza ndalama zingati, kwa zaka zingati. Likangonena kuti asilikali "adzaganiziridwa poyamba" popanda nambala, ndiye kuti khonsolo yapereka ndalama za anthu posinthana ndi mawu okoma.

Kodi si kukondera kumeneku? Osowa pogona ena nawonso si anthu?

Ndi anthu, ndipo alipo ochuluka kuposa asilikali kutalitali. Zoona zake n'zakuti anthu okhala moyandikana ndi malo omangapo, amene amakana nyumba za osauka poopa kuti mitengo ya nyumba zawo itsika, amachita manyazi kukana msilikali. Andale a zipani zonse ziwiri amagwirizana pa asilikali pamene pa zina zonse akukokana. N'chifukwa chake ndalama za gulu limeneli zakhala zikupezeka. Mbali ina ya mtsutsowu imati boma ndilo linatenga munthu wamoyo bwinobwino n'kumutumiza kumene anakavulala, choncho lili naye ngongole yosiyana ndi ya wina aliyense. Ine mfundo imeneyi ndimaivomereza. Koma ndimaonanso kuti makhonsolo anzeru amalemba lamulo lokhululukira nyumba zonse za opeza zochepa, asilikali n'kukhala gulu limodzi mwa opindula. Lamulo la ku California lolola womanga kuwonjezera makomo pamalo ake limachita chimodzimodzi: limatchula asilikali olumala pamodzi ndi osowa pogona ndi achinyamata okulira m'manja mwa boma.

Mbiri ilinso ndi chenjezo lake. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, midzi yonse inamangidwa chifukwa cha asilikali obwerera, monga Levittown ku New York, yomwe inayamba mu 1947 n'kufika nyumba zoposa 17,000. Msilikali wakuda sankaloledwa kugula kumeneko. Ku Mississippi mu 1947, pa ngongole 3,229 zimene VA inaimira, ziwiri zokha n'zimene zinapita kwa anthu akuda. Lamulo linali limodzi kwa onse papepala, koma mabanki ndi maofesi a m'madera ndiwo ankasankha. Choncho funso lakuti "asilikali ake ati" si lachabe, ngakhale lero.

Msilikali wopuma aliyense angalowe m'nyumba zimenezi?

Ayi. Choyamba amaonetsa chikalata chotulukira usilikali, chotchedwa DD-214, chomwe chimanena mmene anachokera. Amene anachotsedwa mwamanyazi ndi khoti la asilikali sapeza thandizo lambiri la VA. Chachiwiri ndi ndalama zimene amapeza, zomwe siziyenera kupitirira mlingo woikidwa malinga ndi dera. Apa panali chinthu chowawa kwa zaka zambiri: ndalama ya chipukuta misozi ya kulumala inkawerengedwa ngati malipiro, motero amene anavulala kwambiri, olandira zochulukirapo, ankapezeka kuti "ndi olemera" n'kukanizidwa nyumba zomangidwira iwo omwe. Mu Ogasiti 2024 unduna woona za nyumba, HUD, unasintha zimenezi pa pulogalamu ya HUD-VASH, n'kunena kuti ndalama ya kulumalayo isamawerengedwe poona ngati munthu ali woyenera.

Kodi HUD-VASH n'chiyani, ndipo ikukhudzana bwanji ndi makhonsolo?

Ndi kuponi ya lendi yophatikiza ndi mlangizi. Inayamba pang'ono mu 1992, n'kukulitsidwa kwambiri kuyambira mu 2008, ndipo makuponi operekedwa kuchokera nthawi imeneyo apitirira 100,000. Msilikali amalipira pafupifupi 30 peresenti ya zimene amapeza, HUD n'kumalizitsa lendi yotsalayo, pamene VA imamupatsa womuyendera amene amamuthandiza za kuchipatala, za mankhwala ndi za mapepala. Munthu amalowa kaye m'nyumba, osayamba wauzidwa kuti asiye mowa kapena apeze ntchito. Kutsika kwa chiwerengero kuja kunabwera makamaka ndi njira imeneyi. New Orleans inalengeza mu Januwale 2015 kuti yapezera pokhala asilikali onse osowa pogona amene inawadziwa, Houston inatsatira chaka chomwecho, ndipo Virginia inakhala chigawo choyamba kufika pamenepo mu Novembala.

Vuto n'lakuti kuponi si nyumba. M'mizinda yodula munthu amayenda nayo m'thumba miyezi ingapo, eni nyumba akumukana kapena lendi ili pamwamba pa mlingo wa kuponiyo. Boma lalikulu lili ndi ndalama za lendi, koma amene ali ndi mphamvu pa malo, pa mapulani ndi pa zolipira ndi khonsolo. Makuponi ena amatha kumangirizidwa ku nyumba inayake isanamangidwe, ndipo banki ikaona kuti lendi ya zaka zambiri ndi yotsimikizika imakongoza mosavuta. Khonsolo ikachotsa zolipira pa nyumba yotero, ndiye kuti zinthu ziwirizi zakumana pamalo oyenera.

Bwanji osangomanga timanyumba ting'onoting'ono totchipa?

Ena akutero. Ku Kansas City, m'chigawo cha Missouri, bungwe la Veterans Community Project, loyambitsidwa ndi asilikali opuma, linamanga mudzi wa timanyumba 49, kamodzi ka munthu mmodzi kokwana pafupifupi masikweyamita 22, kali ndi bedi, khitchini ndi bafa. Munthu amakhalamo osalipira lendi mpaka atakonzeka kusamukira ku nyumba yokhazikika. Koma kanyumba kalikonse kamalumikizidwa ku madzi, ku magetsi ndi ku paipi ya zonyansa ngati nyumba ina iliyonse. M'madera amene amalipiritsa pa khomo osayang'ana kukula kwa nyumba, kanyumba kotere kangalipitsidwe zofanana ndi chinyumba cha zipinda zisanu. Pamenepa ndi pamene chikhululuko cha khonsolo chimaoneka msanga, chifukwa zolipirazo zimakhala gawo lalikulu la mtengo wonse, ndipo bungwe lodalira zopereka za anthu lilibe pena pokazitenga.

Nanga malo atakhala aulere, nyumba sizingangomangidwa?

Nkhani ya ku West Los Angeles imayankha. Mu 1888 Arcadia Bandini de Baker ndi Senator John P. Jones anapereka malo kuti pakhale mudzi wa asilikali olumala. Lero malowo ndi maekala 388, pakati pa madera odula kwambiri mumzindawo, ndipo ali m'manja mwa VA. Kwa zaka zambiri mbali zina zinkabwereketsedwa: kwa yunivesite ya UCLA kuti ikhale bwalo la baseball, kwa sukulu ina yolipira, kwa okumba mafuta ndi oimika magalimoto, asilikali opuma akugona m'matenti kunja kwa mpanda. Ena a iwo anasuma mu 2011, boma linavomera kugwirizana nawo mu 2015, ndipo pulani inalonjeza makomo 1,200. Pofika mu 2024 omalizidwa anali asanafike ndi 300 omwe. Mapaipi ndi mawaya akale zinafunika kukonzedwa kaye, ndipo nyumba iliyonse inkayenera kukalimbirana ndalama m'matumba aja mofanana ndi womanga wina aliyense. Asilikali opuma atasumanso, mu Seputembala 2024 woweruza David O. Carter analamula kuti pamangidwe makomo ena okhazikika 1,800 ndi ongoyembekezera 750, n'kuthetsa mapangano obwereketsa aja. Boma linachita apilo.